Timba ndi Anzake: Kudziwa ndi Kujambula Timbalame Todya Tizilombo m'Minda ya ku Neno

Cholinga cha phunziro

Pomaliza phunziroli, membala aliyense athe kuchita izi:

1. Kusiyanitsa kambalame kodya tizilombo ndi kodya mbewu.
2. Kuzindikira timbalame tosachepera tisanu timene timapezeka m'minda ndi m'madimba a kwathu.
3. Kujambula kambalame ndi foni, kapena kukafotokoza m'kope momveka bwino.
4. Kugwirizana ndi gulu pa zoyenera kuchita kuti timbalameti tisathe.

Mawu oyamba

Sabata iliyonse tikakumana pa munda wathu wophunzirira timayamba ndi kuunika mbewu. Timatembenuza masamba, timasuzumira m'nsonga za chimanga, timawerenga mazira ndi mbozi, kenako timajambula papepala zomwe taona: adani a mbewu mbali imodzi, abwenzi a mlimi mbali ina. Kumbali ya abwenzi timakonda kuikako akangaude, nyerere, mavu ndi chiswamphika. Koma pali bwenzi lina limene timaliiwala, chifukwa limathawa ife tisanafike ndi pa mzere woyamba pomwe. Bwenzi limeneli ndi timba pamodzi ndi abale ake.

Ambirife kambalame kalikonse kakang'ono kolumphalumpha m'udzu timangoti timba. Kunena zoona, ndi mitundu yambiri. M'mabuku a mbalame olembedwa m'Chingerezi timbalameti timatchedwa warblers, ndipo ena amatigawanso m'magulu monga prinia, cisticola, apalis ndi crombec. Buku la The Birds of Malawi, limene analemba Françoise Dowsett-Lemaire ndi Robert Dowsett ndipo linatuluka mu 2006, limafotokoza mitundu ya mbalame pafupifupi 650 ya m'dziko muno. Mwa imeneyi, timbalame ta mtundu wa timba ndi tina mwa tovuta kwambiri kutisiyanitsa, poti ndi tating'ono, sitikhazikika, ndipo timakonda kubisala.

Phunziro lino likunena chinthu chimodzi: kambalame kakang'ono ka mlomo woonda ndi wantchito wa m'munda mwanu amene safuna malipiro. Mukakadziwa simungakaphe, ndipo foni imene muli nayo m'thumbamo ingakuthandizeni kukadziwa.

Chifukwa chiyani mlimi atayire nthawi pa timbalame?

Chakudya cha timba ndi abale ake ndi tizilombo: mbozi zing'onozing'ono, nsabwe za m'masamba, mazira a tizilombo, agulugufe a usiku, tiziwala ndi ntchentche. Tsiku lonse amakhalira kufufuza tsamba ndi tsamba, pamwamba ndi kunsi komwe, ntchito imene ife timaichita kamodzi pa sabata. Ambiri a iwo amaswa m'nyengo ya dzinja, nthawi imene mbewu zathu zili zanthete ndipo tizilombo tachuluka. Ana akaswedwa, makolo amatuta mbozi kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa.

Tonse tikukumbukira mmene ntchemberezandonda zinatisautsira zitangofika. Mbozizi zinachokera ku America, zinayamba kuoneka kumadzulo kwa Africa mu 2016, ndipo pofika Disembala 2017 boma la Malawi linalengeza kuti maboma 20 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha izo. Kuyambira nthawi imeneyo ndalama zambiri za alimi zakhala zikuthera pa mankhwala.

Apa tisanamizane. Mbalame pazokha sizingathetse ntchemberezandonda. Mbozi ikakula n'kulowa m'kati mwa nsonga ya chimanga, kambalame kakang'ono sikaifikira msanga. Chimene mbalame zimachita ndi kuchepetsa tizilombo tikadali poyera, mogwirizana ndi nyerere, mavu ndi akangaude. Choncho kubzala msanga, kuyendera munda pafupipafupi, kuphwanya mazira ndi manja komanso kusakaniza chimanga ndi nandolo kapena mbewu zina za mtundu wa nyemba zikufunikabe. Mbalame ndi dzanja limodzi mwa manja ambiri. Koma dzanja limeneli tikulidula tokha: ana amasaka timbalameti ndi legeni ndi ulimbo, timatentha tchire pofuna mbewa, timalima mpaka m'madzi osasiya bango, ndipo timapopera mankhwala ngakhale pamene sipafunika.

Yambani ndi mlomo

Mlimi amene mpheta zinamudyera mapira, mpunga kapena tirigu amaona ngati mbalame iliyonse yaing'ono ndi mbava. Njira yachidule yosiyanitsira ndi kuyang'ana mlomo.

Mlomo waufupi, wonenepa kutsinde, wooneka ngati njere ya chimanga: ndi wa mbalame yoswa njere, monga mpheta. Mbalame zoterezi kawirikawiri zimayenda chigulu ndipo zimatera pa ngala za mbewu kapena pansi.

Mlomo woonda, wosongoka ngati munga: ndi wa mbalame yotola tizilombo. Zimenezi zimayenda imodzi, ziwiri kapena kabanja kochepa, ndipo zimalowa m'kati mwa masamba.

Mlomo wautali, woonda, wopindikira pansi: ndi wa mbalame yoyamwa timadzi ta m'maluwa. Iyinso imadya tizilombo, ndipo imathandiza kufalitsa mungu.

Mukaona kuti mlomo ndi woonda, yang'ananinso zinthu zisanu izi, motsatana chonchi, kambalame kasanauluke:

1. Mchira. Ndi wautali, waufupi, kapena ngati palibe? Kakuuimika m'mwamba, kakuugwedezera pansi, kapena kakuupukusa uku ndi uku?
2. Nkhope. Pali kamzere koyera pamwamba pa diso ngati nsidze? Diso ndi lofiira, loyera kapena lakuda?
3. Pakhosi ndi pachifuwa. Ndi pachikasu, poyera kapena potuwa? Pali kamkanda kakuda kodutsa pachifuwa?
4. Msana. Ndi wa mtundu umodzi kapena wa timizeremizere takuda?
5. Malo ndi kulira. Kali mu udzu, m'bango, m'chitsamba kapena pamwamba pa mtengo? Kakulira bwanji?

Musadalire mtundu wa nthenga wokha. Kambalame kamene kali pamthunzi kamaoneka kotuwa, komweko kakatuluka padzuwa kamaoneka kobiriwira. Malo ndi kulira sizinama kawirikawiri.

Neno wakumtunda ndi Neno wakumunsi

Boma lathu lili ndi mbali ziwiri zosiyana. Kumtunda, kumapiri a Kirk Range cha kwa Dambe, kumazizira, kumalimidwa mbatata ya kachewere ndi tirigu, ndipo kuli mitengo ya mombo ndi tsamba, madambo ndi timitsinje. Kumunsi, cha ku Lisungwi, Matope ndi Zalewa kufupi ndi Shire, kumatentha, ndipo kuli milambe, mitengo ya minga ndi bango la m'mbali mwa mitsinje. Mbalame nazo zimasankha malo. Gulu la kumtunda lisadabwe likaona zina zimene gulu la kumunsi silinaone.

Mayina a Chichewa amene ali m'munsimu ndi ongofotokoza maonekedwe, kuti tizimvana m'phunziro lino. Dzina la m'mabuku taliika kuti muthe kufufuza pa foni. Funsani akuluakulu a m'mudzi mwanu mayina amene iwo amawadziwa, muwalembe m'kope la gulu.

Timbalame tokhala nafe chaka chonse

Timba wa mchira wautali. M'mabuku ndi Tawny-flanked Prinia. Ameneyu ndiye timba amene ambirife timamudziwa. Ndi wakhofi kumsana, woyererako kumimba, wofiirira pang'ono m'nthiti, ndipo ali ndi nsidze yoyera. Mchira wake ndi wautali, woonda, ndipo amauimika ndi kuupukusa. Amalira mobwerezabwereza mawu amodzimodzi, atatera pansonga ya udzu kapena pa phesi. Amapezeka m'malire a minda, m'madimba ndi m'tchire lowirira, kumtunda ndi kumunsi komwe. Chisa chake amachiluka ndi timizere ta udzu wauwisi, m'munsi ndithu, ndipo khomo limakhala cham'mbali kumtunda.

Wolira ngati kamwana ka mbuzi. M'mabuku ndi Camaroptera. Mapiko ake ndi obiriwira, kumimba ndi kotuwa, mchira ndi waufupi woimika. Amakonda pansi pa zitsamba zowirira, m'mipanda ya mitengo ndi m'minda ya zipatso. Akadzidzimuka amalira kamawu koonda ngati kamwana ka mbuzi kosiyidwa ndi make. Pomanga chisa amasoka masamba amoyo pogwiritsa ntchito ulusi wa kangaude ndi timaluzi ta zomera.

Wopanda mchira. M'mabuku ndi crombec. Mchira wake ndi waufupi kwambiri moti amaoneka ngati anamuzula. Kumsana ndi wotuwa, kumimba ndi wofiirira. Amayendayenda m'nthambi, nthawi zina chadodolido, kufufuza m'makungwa ndi m'masamba. Wa mlomo wautali, Long-billed Crombec, amakonda malo ouma a mitengo ya minga. Wa nkhope yofiirira, Red-faced Crombec, amakonda nkhalango za mombo. Chisa chawo chimalendewera kunthambi ngati kathumba.

Wachikasu pachifuwa. M'mabuku ndi Yellow-breasted Apalis. Uyu ndi mmodzi mwa okongola kwambiri: mutu wotuwa, msana wobiriwira, pakhosi poyera, chifuwa chachikasu, mimba yoyera, diso lofiirira. Wamwamuna nthawi zambiri amakhala ndi kadontho kakuda kumunsi kwa chikasucho. Amayenda awiriawiri m'mitengo ya masamba ambiri, makamaka m'mbali mwa mitsinje, ndipo mwamuna ndi mkazi amalira molandizana. Ali ndi m'bale wake wa m'nkhalango zowirira za kumapiri, Bar-throated Apalis, amene ali ndi kamkanda kakuda pachifuwa ndi diso loyera. M'bale winanso, Yellow-throated Apalis, sapezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi koma m'nkhalango za mapiri a Mulanje, Zomba ndi Malosa, ndipo ali pa chiopsezo chakutha chifukwa nkhalangozo zikudulidwa.

Wa mutu wobiriwira. M'mabuku ndi Green-capped Eremomela. Mutu ndi wobiriwira mopita ku chikasu, chifuwa chachikasu. Amayenda kagulu ka anayi kapena asanu pamwamba pa mitengo ya mombo, akulongolola. Kumene nkhalango yathera ku makala, iye amasowanso.

Atimba a mu udzu. M'mabuku ndi cisticola, ndipo alipo a mitundu yambiri yofanana zedi. Ambiri ali ndi msana wa timizeremizere ndi pamutu pofiirira. Amenewa timawasiyanitsa ndi kulira. Rattling Cisticola wa kumalo a minga amayamba ndi timawu titatu kapena tinayi kenako n'kumaliza ndi phokoso ngati la chisekese. Zitting Cisticola amauluka m'mwamba pamwamba pa dambo kapena munda, akukwera ndi kutsika, ndipo pa kukwera kulikonse amatulutsa kamawu kamodzi kakafupi. Red-faced Cisticola alibe timizere kumsana, amakhala mu udzu wautali pafupi ndi madzi, ndipo amalira mokweza, mawu akutsika ngati munthu woseka.

Wachikasu wa m'timitsinje ta kumtunda. M'mabuku ndi African Yellow Warbler. Kunsi konse ndi kwachikasu chowala, kumsana ndi kwakhofi mobiriwira, pamutu pakuderako. Amakonda zomera zowirira m'mbali mwa timitsinje ndi madambo a malo ozizira. Alimi a madimba a kumtunda amuyang'anire.

Alendo a m'dzinja

Timbalame tina timabwera ndi mvula. Timaswa ku Europe ndi ku Asia, ndipo kumeneko kukayamba kuzizira timauluka kudza kuno.

Wodziwika kwambiri ndi Willow Warbler. Kutalika kwake ndi masentimita 11, kulemera kwake ndi magalamu 9 kapena kuzungulira pamenepo, ngati kabokosi ka machesi. Ndi wobiriwira motuwa kumsana, wachikasu chosawala pachifuwa, ali ndi nsidze yooneka bwino, ndipo akamayenda m'nthambi amagwedezera mchira pansi. Amafika cha mu Okutobala ndi Novembala, n'kubwerera cha mu Malichi ndi Epulo. Amene amachokera kumpoto kwa Europe amauluka makilomita oposa 8,000, ndipo ena ochokera kum'mawa kwa Russia amaposa makilomita 12,000. Mumupeza mu msangu, mu mthethe, mu mango, ngakhale mu mtengo wa pabwalo la sukulu. Mwana akamugenda ndi legeni, wapha mbalame imene yawoloka nyanja ndi chipululu cha Sahara kudzadya tizilombo ta pamunda pa makolo ake, ndipo nyama yake siikwana ndi mbamu imodzi yomwe.

M'bango ndi m'tchire lowirira mumabwera Great Reed Warbler, wamkuluko, wakhofi, wolira mokhadzula ngati chule. Mumabweranso Sedge Warbler wa nsidze yaikulu yoyera ndi msana wa timizere. Palinso Marsh Warbler, amene amafika mochedwerako cha mu Disembala. Ameneyu ndi katswiri wotsanzira: amaphunzira kulira kwa mbalame za ku Africa n'kukakuimba ku Europe nthawi yoswa.

Kulemba tsiku limene mwaona kapena kumva mlendo woyamba chaka chilichonse ndi kothandiza. Pakapita zaka zingapo gulu likhoza kuyerekeza masikuwo ndi masiku amene mvula yobzalira inagwa.

Samalani ndi ofanana nawo

Pali kambalame kachikasu kamene kali ndi mkombero woyera kuzungulira diso, ngati kavala magalasi. M'mabuku ndi white-eye. Si wa banja la timba, koma nayenso amadya nsabwe za m'masamba, kuphatikizapo timadzi ta m'maluwa ndi zipatso zofewa.

Mpheta zazikazi zimakhala zakhofi kapena zachikasu chosawala, za timizere kumsana, moti patali zimaoneka ngati atimba a mu udzu. Yang'anani mlomo: wa mpheta ndi wonenepa.

Pumbwa ndi wamkulu kuposa onsewa, wa mutu wakuda ndi chikasu kunsi kwa mchira. Amadya zipatso ndi tizilombo.

Kujambula ndi foni

Chithunzi chimathetsa mkangano. Wina akati anaona wachikasu pachifuwa, wina n'kuti inali mpheta, gulu limayang'ana chithunzi n'kuona mlomo. Sitikufuna chithunzi chokongola chopachika pakhoma. Tikufuna chooneka mlomo, nkhope ndi mchira. Foni wamba ya kamera ikhoza kutero mukatsata izi:

1. Pitani m'mawa, dzuwa likangotuluka mpaka cha m'ma 8 koloko. Nthawi imeneyi mbalame zimakhala zikudya ndi kulira, ndipo kuwala kumakhala kofewa. Madzulo kuyambira cha m'ma 4 koloko ndi nthawi yabwinonso.

2. Pukutani diso la kamera ndi kansalu kofewa. Foni yokhala m'thumba kapena m'chitenje imagwira fumbi ndi thukuta.

3. Zimitsani kulira kwa foni ndi kuwala kwake kojambulira usiku.

4. Dzuwa likhale kumbuyo kwanu. Mukajambula moyang'anana ndi dzuwa, kambalame kamatuluka kakuda bii.

5. Musakathamangitse. Onani pamene kamakonda kutera, monga pa phesi, pa chitsa kapena pa mpanda wa dimba. Khalani pansi mamita atatu kapena asanu kuchokera pamenepo, tsamirani mtengo, mukhale chete. Pakatha mphindi 10 kapena 15 mbalame zimakuiwalani n'kubwerera. Valani zovala zosawala, ndipo musaloze ndi dzanja.

6. Gwirani foni ndi manja awiri, zigongono zitatsamira pa mawondo kapena pa mpini wa khasu. Gusani pa galasi la foni pamene pali kambalame kuti kamera ilunjike pa iko, osati pa masamba a patsogolo.

7. Musakokere chithunzi pafupi mopitirira muyeso. Mafoni ambiri mukakokera kupitirira kawiri chithunzi chimachita chimbuuzi. Ndi bwino kujambula kambalame kakuoneka kakang'ono, n'kudzakuza chithunzicho pambuyo pake.

8. Jambulani kanema wa masekondi 15 kapena 20 m'malo mwa chithunzi chimodzi. Timba sakhazikika, ndipo pamene mukudina amakhala atalumpha kale. Mu kanema mukhoza kuimitsa pamene watembenukira kwa inu. Kanema amasunganso kulira ndi kagwedezedwe ka mchira.

9. Ngati kambalame kakulira koma sikakuoneka, jambulani mawu okha. Lozetsani foni kumene kukuchokera kulirako, inu osayankhula. Pomaliza nenani tsiku, malo ndi nthawi kuti zilowe momwemo.

10. M'chilimwe ikani mbale yosazama ya madzi pamthunzi pafupi ndi chitsamba, muikemo mwala woti mbalame ziziterapo. Sinthani madziwo tsiku lililonse kuti udzudzu usaswanemo, ndipo ikani poti amphaka sangabisalire. Pakapita masiku angapo mbalame zimazolowera, ndipo mumazijambula muli chikhalire.

Potumiza chithunzi pa WhatsApp, dziwani kuti chimachepetsedwa ndipo timizere ta pankhope timatha kufufutika. Sungani choyambacho mu foni mpaka gulu litachiona. Amene ali ndi foni yolowa pa intaneti akhoza kuika Merlin Bird ID, pulogalamu yaulere ya Cornell Lab of Ornithology ya ku America. Mukaipatsa chithunzi imatchula mayina a mbalame zofanana nacho. Imalakwitsa nthawi zina, makamaka pa atimba a mu udzu, choncho yerekezani yankho lake ndi zimene munaona ndi maso. Ngati simukutsimikiza, lembani kuti "timba wa mu udzu, mtundu sitinaudziwe". Kulemba choncho ndi kwabwino kuposa kulemba dzina lolakwika. A bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, limene limagwira ntchito ndi makalabu a zachilengedwe m'sukulu, ndi ena mwa amene angathandize kuzindikira zithunzi zovuta.

Amene alibe foni asadandaule. Jambulani ndi pensulo dzira lalikulu la thupi ndi laling'ono la mutu, muike mlomo ndi mchira, kenako lembani mitundu ndi timivi: apa chikasu, apa poyera, apa timizere. Chitani zimenezi pomwepo, musanachoke, chifukwa mukafika kunyumba mudzakhala mutaiwala.

Zosayenera kuchita

Musagwire mbalame ndi ulimbo kapena msampha kuti muijambule. Nthenga zikamatidwa siiulukanso bwino.

Musagwire chisa, mazira kapena ana, ndipo musathyole masamba obisa chisa pofuna chithunzi. Chisa chikaonekera, khwangwala, njoka ndi amphaka amachipeza, ndipo dzuwa limapha ana. Akuluakulu anati timba sachepa ndi mazira ake: kwa iye timazira tiwiri kapena titatu timeneto ndiye chuma chonse.

Musaulutse pa foni kulira kwa mbalame pofuna kuikopa. Imasiya kudyetsa ana n'kumasaka mdani amene kulibe.

Mukapeza chisa, musachionetse kwa ana a legeni musanakambirane nawo.

Ntchito ya gulu

Zofunika: kope, pensulo, wotchi kapena foni, pepala lalikulu ndi makala kapena zolembera zamitundu.

1. Fikani mphindi 30 nthawi younika mbewu isanakwane, anthu asanalowe m'munda.

2. Gawanani m'magulu a anthu asanu. Gulu lililonse lisankhe malo amodzi: pakati pa munda wa chimanga chokha, pa munda wosakaniza chimanga ndi nandolo, m'malire momwe muli udzu wa vetiva, nsenjere kapena mitengo, ndi m'mbali mwa mtsinje kapena dimba.

3. Khalani chete mphindi 10. Mmodzi asunge nthawi, mmodzi alembe, mmodzi ajambule, awiri ayang'ane.

4. Lembani tsiku, nthawi, nyengo, malo, chiwerengero cha mbalame za mlomo woonda, chiwerengero cha za mlomo wonenepa, ndi chimene mbalame iliyonse inkachita. Ngati mwaona yanyamula mbozi kukamwa, lembani ndipo onani kumene yalowera nayo.

5. Pambuyo pake unikani mbewu monga mwa nthawi zonse. Pojambula pa pepala lalikulu, ikani mbalame kumbali yake, ya abwenzi kapena ya adani, malinga ndi zimene mwaona ikuchita.

6. Bwerezani sabata iliyonse, malo omwewo, nthawi yomweyo, kuyambira pobzala mpaka pokolola. Kuwerenga kwa tsiku limodzi sikutiuza zambiri. Kwa nyengo yonse ndiye kumaonetsa kumene mbalame zimakonda, ndi zimene zimachitika sabata yotsatira kupopera mankhwala kapena kutentha tchire.

Mafunso okambirana

1. Ndi malo ati mwa anayi aja amene anali ndi mbalame zambiri za mlomo woonda? Mukuganiza kuti ndi chifukwa chiyani?
2. Kodi mbozi zinachuluka kapena kuchepa pa mizere yoyandikana ndi mitengo ndi udzu wa m'malire? Ndi zinthu zina ziti, kupatula mbalame, zimene zingachititse kusiyanako?
3. Ndi mbalame ziti zimene agogo athu ankaziona kuno koma masiku ano sizioneka? Chinasintha ndi chiyani?
4. Tingateteze bwanji mapira, mpunga ndi tirigu kwa mpheta popanda kupha mbalame zina?
5. Ana amasaka timbalame chifukwa cha nkhuli komanso masewera. Tingawapatse ntchito yanji m'kuwerenga ndi kujambula kumeneku?

Zoti tichite m'minda mwathu

Siyani mzere wa udzu, zitsamba kapena mitengo m'malire a munda ndi pa akalozera. Umagwira nthaka, ndipo ndi momwe timba amamanga chisa.

Musalime mpaka m'mphepete mwenimweni mwa Lisungwi, Wamkulumadzi kapena kamtsinje ka m'mudzi mwanu. Bango ndi mitengo ya m'mbali mwa madzi zimateteza dimba lanu kuti lisakokoloke, komanso ndi nyumba ya mbalame zambiri zimene tatchulazi.

Samalirani zitsa zimene zikuphukira m'munda, monga msangu, m'malo mozizula.

Musatenthe tchire ndi mapesi. Moto umatha zisa, tizilombo tothandiza ndi chonde cha m'nthaka nthawi imodzi.

Poperani mankhwala pokhapokha kuunika kwa mbewu kwaonetsa kuti pakufunika, motsata malangizo a pa botolo ndi a alangizi. Musapopere udzu wa m'malire, ndipo musatsukire mpope mu mtsinje kapena pa chithaphwi chimene mbalame zimamwapo.

Sabata ya mawa aliyense abwere ndi chinthu chimodzi: chithunzi, kanema, mawu ojambulidwa, chojambula cha pensulo, kapena dzina la kambalame limene wamva kwa wachikulire wa m'mudzi mwake. Tidzaziika pamodzi n'kuyamba kaundula wa mbalame za pa munda wathu wophunzirira.